Mmene mungadziwire kuti njoka yoweta yachita mantha

Nsato ya mtundu wa ball python, yochokera kumadzulo ndi pakati pa Africa, ikaopa imadzikulunga n'kubisa mutu pakati. Musaikulule mokakamiza; ibwezereni m'khola. Njoka ya mtundu wa corn snake ya ku America ikaopa imanjenjemeretsa nsonga ya mchira, nthawi zina n'kutulutsa madzi onunkha. Zonsezi zilibe ululu, koma iliyonse ikapinda khosi ngati chilembo cha S n'kumapuma mwaphokoso, chotsani dzanja chifukwa ikufuna kuluma.

Cholakwika chachikulu n'kuidzera kumwamba. Kwa njoka, chochokera kumwamba ndi mbalame yolusa. Idzereni cham'mbali pang'onopang'ono, muinyamule pakati pa thupi ndi manja awiri, osagwira mutu kapena mchira. Sambani kaye ngati mwagwira khoswe, apo ayi idzayesa chala chanu chakudya.

Njoka yatsopano isiyeni sabata imodzi osaigwira. Ikadya dikirani maola 48 musanaigwire, chifukwa mantha amaisanzitsa. Maso akachita mbuu ndiye kuti ikufuna kufundula, sikuona bwino ndipo imalusa msanga.

M'khola muikemo pobisala pawiri, pothina ndithu, pena mbali yotentha ya khola, pena mbali yozizira. Yosowa pobisala imakana kudya.