Kuyenda ngati uli pa mwezi, pansi pa mtengo wa mango

Chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa mphamvu yokoka ya dziko, sipalephera mwana wa Fomu 3 wofunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi ku NASA kuli chipinda chimene amathimitsa mphamvuyi?" Kulibe. Mphamvuyi sithimitsika ngati nyali. Akatswiri amangoipusitsa, ndipo njira imodzi yoipusitsira ndi yotchipa moti ine ndinaiyesa kuseri kwa kalasi ndi zingwe, zitenje ndi chitseko chakale.

Nzeruyo si yanga. M'zaka za m'ma 1960, ku Langley m'chigawo cha Virginia, a NASA, bungwe la ku America lofufuza za mlengalenga, ankapachika anthu chogona cham'mbali pa zingwe zazitali, n'kumawayendetsa pa khoma lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 9.5. Munthu akapachikidwa chonchi, zingwe zimasenza pafupifupi thupi lonse, ndipo kumapazi kumangotsala gawo limodzi mwa magawo 6 a kulemera kwake. Pa mwezi ndi chimodzimodzi: wolemera makilogalamu 60 amaponda ngati wa makilogalamu 10.

Pezani nthambi yolimba, yoti akuluakulu awiri akalendewerapo isachite ngakhale kulira. Mangani zingwe zinayi za mamita atatu, ndipo kumapeto kwa chilichonse mangani chitenje chopinda choti munthu agonemo: china cha mutu, china cha pachifuwa, china cha m'chiuno, china cha miyendo. Cha mutucho musachinyoze. Ine tsiku loyamba ndinati n'chosafunika, ndipo khosi linauma masiku awiri moti ndinkatembenuka thupi lonse polemba pa bolodi, ana akufa nako kuseka. Zitenjezo zikhale mmunsi, osapitirira theka la mita kuchokera pansi, ndipo yalani matiresi.

Pamene pafunika mtima wofatsa ndi poyeza. Munthu woyesayo agone cham'mbali m'zitenjemo, zingwe zilendewere chowongoka, ndipo mulembe pansi malo amene chiuno chake chili. Kenaka bweretsani chitseko kumapazi ake n'kumamukankha nacho pang'onopang'ono mpaka chiuno chisunthe masentimita 50 kuchoka pa chizindikiro chija. Nambalayi yachokera pa kugawa kutalika kwa chingwe ndi 6. Chitsekocho chipendekeke mofanana ndi zingwe, ndipo muchikhomerere zikhomo kumbuyo. Anyamata awiri ochigwira ndi manja sakwanira, tinaona chikugwa munthu atangochiponda mwamphamvu.

Kuti mutsimikize, panikizani sikelo yoyezera anthu pakati pa mapazi ndi chitseko. Yanga inawerenga 11, ine ndili wa makilogalamu 68. Mukafuna Mars, kumene mphamvuyi ili 38 pa 100 ya kuno, musunthe chiuno masentimita 114 m'malo mwa 50.

Tsopano dumphani. Mudzamva miyendo ikukutayani kutali popanda khama, ndipo kubwerera pa chitseko kumachedwa modabwitsa. Koma bodza lake lilipo: chingwe chachifupi chikachoka patali chimapendekeka kwambiri, ndiye "mwezi" wanuwo umayamba kukoka molimba muli m'malere. N'chifukwa chake ku Langley zingwe ankazipachika pa chitsulo chotalika mamita oposa 70. Dumphani pang'onopang'ono basi.

Za kulemera kopitirira, ana ambiri amathamangira kunena kuti tingosenza thumba la chimanga. Ayi. Thumba limalemetsa mapewa ndi mawondo, koma magazi ndi matumbo salemera nalo. Chimene chimalemetsa thupi lonse mpaka magazi ndi kuzungulira kapena kukhota mwaliwiro, ndipo katungwe wamba amachita zimenezi. Akakukokerani kumbuyo mpaka zingwe zipendekeke madigiri 60 n'kukusiyani, podutsa pansi penipeni thupi limalemera kawiri, pomwe kumapeto konse kuwiri limapepuka kufika theka. Khalirani sikelo pa thabwa la katungweyo, mnzanu aonetsetse muvi wake. Oyenda mumlengalenga a ku Russia amachita zomwezi ku Star City, kufupi ndi Moscow, pa makina ozungulira a mkono wa mamita 18, kungoti kumeneko kuli madokotala. Kulemera kukafika kanayi kapena kasanu, magazi amathawira kumiyendo, maso amachita mdima, munthu wosazolowera n'kukomoka. Musayese kufika kumeneko, ndipo wodwala mtima kapena BP angoonerera.

Kupepukiratu, kosatsala ndi kulemera kulikonse, kumafuna kuti munthu akhale akugwa. Ndege ya Airbus A310 ya kampani ya Novespace ku Bordeaux, ku France, imakwera mwamphamvu, anthu akulemera pafupifupi kawiri, kenaka imadzisiya kugwa mokhota kwa masekondi 22, ndipo imabwereza maulendo 31 pa kuuluka kumodzi. Ife tilibe ndege, ndiye ndimaboola botolo la pulasitiki mmunsi, ndimalidzaza madzi, n'kukwera pa desiki. Ndikaligwira, madzi amatuluka pabowo. Ndikalisiya, nthawi yonse imene likugwa sipatuluka ngakhale dontho. Ndimachita katatu, chifukwa koyamba theka la kalasi limakhala likuyang'ana ngati aphunzitsi agwe pa desiki.