Momwe mungapangire pulogalamu yoyang'anira mapaipi ndi mipopi yoti antchito aziigwiritsadi ntchito

Paipi ikaphulika m'mbali mwa msewu, oyamba kudziwa amakhala anthu a m'deralo. Wina amaimba foni, wina amalemba pa Facebook, madzi n'kumangoyenda m'ngalande mpaka madzulo. Kawirikawiri pulambala amakhala alipo, koma uthenga umasochera pakati pa amene waona, amene walandira foni ndi amene wanyamula sipanala. Ngati mwapatsidwa ntchito yopanga pulogalamu ya pafoni ndi pakompyuta ya bungwe logawa madzi, kaya ndi limodzi mwa mabungwe asanu a m'dziko muno, a Lilongwe, Blantyre, kumpoto, pakati ndi kummwera, kaya ndi kagulu koyendetsa makiyosiki, mpata umenewu ndiye woyamba kutseka.

Choyamba: tsekani laputopu, yendani ndi antchito

Musanalembe kalikonse, kwerani galimoto ya mapulambala, ndipo tsiku lina mutsatire wowerenga mamita. Onani foni yomwe ali nayo, ngati galasi lake likuoneka padzuwa la masana, ndiponso batire ikufika nthawi yanji. Munthu ali m'dzenje, manja ali matope okhaokha, sangalembe chiganizo. Angakwanitse kudina batani lalikulu ndi chala chimodzi, basi. Abwana a mu ofesi adzakupemphani zithunzi zokongola za manambala zoonetsa pamsonkhano, ndipo zimenezo zidzabwera, koma manambala ake onse amachokera kwa munthu wa m'dzenjeyu. Iye akaiona pulogalamu ngati chipsinjo, abwerera ku kope lake.

Chachiwiri: ikani pamapu zonse zokwiriridwa pansi

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ambiri amapathamangira. Paipi iliyonse, vavu (chotsekera madzi) iliyonse, thanki, pampu, kiyosiki ndi mita zikhale ndi nambala yakeyake komanso malo ake pamapu. Pa paipi lembani kukula kwake, ngati ndi yachitsulo kapena yapulasitiki, ndi chaka chomwe inaikidwa ngati chikudziwika. Mapu akale apapepala amathandiza, koma zambiri zili m'mitu ya mapulambala okhalitsa, amene amadziwa kuti vavu yotsekera dera lakuti inakwiririka pamene ankakonza msewu. Khalani nawo pansi asanapume pantchito.

Simukufunika kugula mapulogalamu odula. QGIS ndi yaulere ndipo imakwanira pa mapu. EPANET, yomwe inapangidwa ndi bungwe la boma la America loona zachilengedwe, nayonso ndi yaulere, ndipo imawerengera mphamvu ya madzi m'mapaipi kuti mudziwe madera omwe aume mukatseka vavu ina.

Kumbukiraninso kuti ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Chinsapo anthu salondolerana ndi nambala ya nyumba. Amati "kuseri kwa chigayo" kapena "moyang'anizana ndi tchalitchi". Choncho pambali pa GPS ikani malo olembapo chizindikiro chotere, ndi chithunzi chimodzi.

Chachitatu: lipoti la vuto lithe msanga

Mafunso anayi ndi okwanira: vuto lili pati, ndi lotani, ndi lalikulu bwanji, chithunzi chili kuti. Pa mtundu wa vuto musapatse munthu mzere woti alembe yekha. Muikireni zosankha m'mawu omwe amayankhula tsiku ndi tsiku: paipi yaphulika, pakudontha, madzi sakutuluka, madzi akuda, mita yaima, mita yabedwa. Tsiku, nthawi ndi dzina la wotumiza foni izidzaza yokha. Chichewa chikhalepo, ndipo ngati ndi ku Mzuzu kapena ku Karonga funsani antchitowo chiyankhulo chomwe akufuna, musawaganizire.

Lipoti lililonse lizikhala ndi nambala komanso mwini wake, ndipo lizionetsa pomwe lafika: lalandiridwa, wina watumidwa, lakonzedwa. Lisatsekedwe popanda chithunzi cha pamalo pokonzedwapo ndi mndandanda wa zipangizo zomwe zalowa. Wa kusitolo ya bungwe adzakuthokozani.

Chachinayi: izigwira ntchito popanda netiweki

Netiweki imathawa, magetsi amazima, bandulo imatha. Zonse zizisungika mufoni, n'kudzazitumiza zokha netiweki ikabwera, ndipo pazioneka chizindikiro choti malipoti angati sanapitebe. Zithunzi zizichepetsedwa kukula zisanatumizidwe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atakantha Blantyre ndi maboma a kummwera, magetsi, misewu ndi mapaipi zinaonongekera limodzi. Nthawi ngati imeneyo ndi pamene malipoti amachuluka, ndipo ndi pomwenso netiweki imavuta kwambiri. Poyesera, yambani ndi KoboToolbox kapena ODK, zomwe zimasonkhanitsa kale mafomu popanda intaneti.

Chachisanu: mu ofesi aone madzi omwe akusowa

Tsamba loyamba la woyang'anira lisadzaze. Pakhale mavuto omwe sanakonzedwe, akalekale ali pamwamba, kuchuluka kwa madzi m'mathanki, ndi mapampu omwe aima. Mitundu ikhale yochepa, ndipo chofiira chizitanthauza kuti wina anyamuke tsopano. Mukafiiritsa chilichonse, maso amazolowera.

Kenako pali madzi otayika osalipiridwa, omwe amadya ndalama za mabungwe onse. Gawani mzinda m'zigawo, chigawo chilichonse chikhale ndi mita yaikulu polowera madzi. Pulogalamu iziyerekeza madzi olowa ndi omwe alembedwa pa mabilu a makasitomala a m'chigawomo. Kusiyanako ndi madzi odontha, olumikiza mozemba, kapena mamita onama. Njira ina yosavuta ndiyo kuwerenga mita yaikuluyo pakati pa 2 ndi 4 koloko usiku, anthu ambiri atagona. Ikamathamangabe, pansi pali podontha. Koma chenjerani ndi madera omwe madzi amabwera usiku okha, chifukwa kumeneko anthu amadzuka kutunga ndi kudzaza migolo nthawi yomweyo, ndiye pulogalamu izidziwa ndandanda ya kagawidwe ka madzi isanalize belu.

Ku Blantyre nkhaniyi ndi yowawa koposa. Madzi ambiri amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwezedwa mamita pafupifupi 800 kuti afike mumzinda. Lita iliyonse yotayikira m'ngalande imakhala italipiridwa kale magetsi.

Chachisanu ndi chimodzi: musaiwale kasitomala wa foni ya mabatani

Apu ya pa foni zamakono ndi yabwino, koma ambiri mudzawafikira ndi uthenga wa SMS kapena manambala oyamba ndi nyenyezi, ngati momwe amachitira pa Airtel Money ndi Mpamba. Akanena vuto, alandire nambala ya lipoti nthawi yomweyo, ndi uthenga wina likakonzedwa. Mukamatseka madzi, uthenga upite kwa a chigawo chokhudzidwa okha, utchule nthawi. Anthu khumi akanena za paipi imodzi, pulogalamu iwaphatikize pa lipoti limodzi.

Kumudzi maganizo ndi omwewa, kungoti chinthu chake ndi mjigo wa mtundu wa Afridev, ndipo wotumiza uthenga ndi wa komiti ya pamjigo. Pulogalamu ya mWater yagwiritsidwa kale ntchito polemba mijigo ndi zitsime m'Malawi muno, choncho yambani mwaona zomwe zilimo musanayambe kalembera wina.

Chomaliza: yesani ndi anthu ochepa, muli chete

Sankhani chigawo chimodzi ndi antchito ochepa, kuphatikizapo amene sakonda za mafoni. Mupatseni foni, muuzeni kuti anene za paipi yophulika, inu n'kungoyang'ana. Pomwe wakakamira ndi pomwe mukonze, osati kumuonjezera maphunziro.

Pulogalamu izilembanso aliyense amene wasintha nambala ya pa mita kapena bilu, ndi nthawi yake, chifukwa pomwe pali bilu pamabwera mayesero. Wowerenga mamita asaone zambiri za kasitomala kuposa zomwe ntchito yake ikufuna. Ndipo mu mgwirizano wanu lembanimo momveka kuti mapu ndi zonse zosungidwa ndi za bungwe la madzi, kuti zizikoperedwa malo awiri tsiku lililonse, komanso kuti wantchito mmodzi kapena awiri a bungwelo aphunzitsidwe kuonjezera paipi yatsopano pamapu popanda kukuimbirani foni.