Mukapita ndi ana kukaona mapikoko

Amene mukuganiza zotenga ana kukaona mapikoko kwa anthu oweta m'midzi ya kuno ku Salima, yambani mwafunsa mwini wake ngati atambala ake ali ndi michira. Pikoko wamwamuna amathothoka nthenga zazitali zija chaka chilichonse nyengo yoswana ikatha, ndipo wamng'ono mchira wake sukhwima mpaka atakwana zaka zitatu. Mukangopita osafunsa, ana akaona mbalame yopanda mchira n'kubwerako okhumudwa. Thadzi lake ndi lotuwa, lilibe mchira wautali uja.

Lawirirani m'mamawa. Dzuwa la kuno likakwera, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, mbalamezi zimabisala pamthunzi. Madzulo zimakwera m'mitengo kukagona.

Mukafika, perekani moni kaye kwa eni khomo, musathamangire kujambula. Tengani kachimanga kapena mtedza pang'ono, koma mupatse mwini wake kuti ndiye amwaze. Ana akhale pansi phee, patali pang'ono. Izi ndikunenetsa chifukwa tambala wake ali ndi zikhadabo zakuthwa kumbuyo kwa miyendo, ndipo mwana akamamuthamangitsa atha kumukala kumaso. Nthenga asazule. Zogwa zokha zimakhalapo, mungopempha.

Obwera pagalimoto, imikani kutali. Pikoko akadziona pachitseko chonyezimira amayesa ndi mnzake wofuna ndewu, amajompha mpaka penti kukandika.

Madzi akumwa munyamule okwanira, ndipo wa kabaza mugwirizane naye nthawi yodzakutengani musanatsike.