Mphaka wanu adzafatsa liti, nanga mungatani podikira?

Kamvuluvulu anabwera m'nyumba mwanga ali ndi milungu 10, kanthu kokwana m'chikhatho. Dzinalo ndinamupatsa patangotha masiku atatu, nditaona mmene ankazungulirira chipinda: kutuluka pansi pa bedi, kukwera katani mpaka pamwamba, kudumphira patebulo, kugwetsa kapu, kenako n'kubwereranso pansi pa bedi paja. Chaka chake choyamba tulo sindinkaliona bwino. Ikamakwana 4 koloko m'bandakucha ankayamba liwiro, ndipo chala changa chikangotulukira kunja kwa bulangete ankachimbwandira ngati wapeza mbewa. Lero ali ndi zaka 6, ndipo pamene ndikulemba pano ali chigonere pamiyendo panga.

Choncho ngati mukufunsa kuti wanuyo adzafatsa, inde adzafatsa. Amphaka ambiri amayamba kukhazikika akapitirira chaka chimodzi, ndipo pofika zaka 2 kusintha kumaoneka ndithu. Nthawi yovuta kwenikweni ndi kuyambira miyezi 3 mpaka chaka. Kumayambiriro kwa nthawi imeneyi mano a ukhanda 26 amaguluka, m'malo mwake n'kumera 30 achikulire, ndiye amatafuna chilichonse chimene wapeza. Akafika miyezi 6 thupi lakula ndithu, mphamvu zachuluka, koma nzeru zikadali zachibwana. Anthu amayerekeza kuti mphaka wa chaka chimodzi ali ngati mwana wa zaka 15, ndipo wa zaka 2 ali ngati munthu wa zaka 24. Wanga anasintha ali ndi chaka ndi miyezi 8. Sizinachitike tsiku limodzi ayi. Ndinangozindikira kuti papita milungu itatu katani asanakwerepo.

Mtundu nawo umatengera. Amphaka a mitundu ya Bengal, Abyssinian ndi Siamese amakhala otakataka mpaka kukula, pomwe Persian ndi Ragdoll ndi ofatsa chibadwire. Maine Coon amachedwa kukhwima, mwina mpaka zaka 3 kapena kuposa.

Koma musangokhala n'kumawerenga miyezi. Chimene chinandithandiza ine n'kumvetsa kuti phuma lonselo ndi ulenje. Mphaka ndi nyama yosaka, ndipo nthawi yake yosakira ndi m'bandakucha ndi chisisira. Amagona maola 12 mpaka 16 patsiku, kenako mphamvu zonse zimene wasungazo amazitulutsa pakanthawi kochepa. Akasowa chosaka, amasaka mapazi anu.

Ndiye mupatseni chosaka. Pezani kandodo kotalika ngati mkono, mumangirire chingwe, kunsonga kwake muikeko nthenga kapena kansanza. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amagwedeza nthengayo pamphuno pa mphaka, iye n'kungoyang'ana kumbali. Mbewa yeniyeni sibwera kudzavina pamaso pa mphaka. Imathawa, imabisala, imaima phee, kenako n'kuthawanso. Kokani nthengayo pansi motalikira kwa iye, ilowe kuseri kwa mpando, muisiye pamenepo kamphindi. Mudzamuona akugwada, maso atatong'oka, akunyang'ama, matako akugwedera, kenako n'kudumpha. Muzimulola kuigwira nthawi zina, aziluma, aziponda ndi miyendo yakumbuyo. Akamangolephera amakhumudwa, ndipo n'chifukwa chake katochi kowala kadontho kofiira kaja sindikakonda: amathamangitsa chinthu chimene sangachigwire mpaka kalekale.

Mphindi 10 kapena 15 zimakwana, kawiri patsiku, ndipo kachiwiriko kazikhala mutatsala pang'ono kukagona. Akayamba kugona cham'mbali n'kumangoigwira nthengayo ndi dzanja limodzi, watopa. Pomwepo mupatseni chakudya. Dongosolo la thupi lake ndi lomwelo: kusaka, kugwira, kudya, kudzinyambita, kugona. Nditayamba kutsata zimenezi usiku uliwonse, mlungu wachiwiri usanathe Kamvuluvulu anayamba kugona mpaka kunja kutayera.

Mukamaliza, kandodo kaja kabiseni m'kabati. Izi ndikunena motsindika. Mphaka akameza chingwe kapena ulusi, umatha kukola matumbo n'kuwang'amba, ndipo pamafunika opaleshoni kuti apulumuke. Zoti azisewera nazo ali yekha zikhale zosamezeka, monga kampira kapena pepala lofwinya lalikulu bwino.

Musamasewere naye ndi manja. Ali wamng'ono kuluma kwake kumakoma, koma mukumuphunzitsa kuti khungu la munthu ndi nyama yake, ndipo pa miyezi 8 mano aja sadzakhalanso oseketsa. Akakulumani, musakoke dzanja mwamphamvu chifukwa kwa iye kukokako ndi kuthawa kwa mbewa. Lisiyeni lili duu, akalitaya muchokepo. Kumumenya kapena kumukalipira sikuphunzitsa kanthu. Amangoyamba kukuopani, ndipo mphaka wamantha ndi amene amakanda kwambiri.

Za usiku, pali chinthu chimodzi chovuta koma chofunika. Akakudzutsani, musadzuke. Mukangonyamuka kukamupatsa chakudya kuti akhale chete, waphunzira kuti kulira kumabweretsa mbale. Ine ndinachita zimenezi kwa miyezi iwiri ndisanazindikire, ndipo kuti asiye zinanditengera masiku ambiri akulira pakhomo la kuchipinda. Masiku oyambirira kulirako kumawonjezeka kaye. Pirirani, kumatha.

M'nyumbamo mukhalenso malo ake okwera. Mphaka amafuna pamwamba poti aziona zonse, ndiye mukamuletsa patebulo mupatseni shelefu kapena pawindo poti aziyang'ana mbalame. Muikireni chipika chokulungidwa ndi chingwe cha khonje, chachitali moti aziwongoka thupi lonse pokanda, ndipo chisamagwedere. Kukanda sangasiye, chifukwa ndi mmene amasamalira zikhadabo ndi kusiya fungo lake. Katoni yopanda kanthu nayo imamusangalatsa kwa masiku.

Nkhani ina ndi yomufula. Mphaka amatha msinkhu msanga, ena pa miyezi 4 yokha. Wamkazi akafuna mwamuna amalira usiku wonse, kugubuduka pansi, kufunafuna potulukira, ndipo akapanda kutenga bere zimabwereranso pakatha milungu iwiri kapena itatu. Wamwamuna amayendayenda, amamenyana ndi anzake, amathira mkodzo wonunkha m'makoma. Zonsezi zimachepa kwambiri dokotala wa ziweto akamufula, kapena akamuchita wamkazi opaleshoni yotseka kubereka, ndipo madokotala ambiri amachita zimenezi pakati pa miyezi 4 ndi 6. Koma musayembekezere kuti opaleshoniyo ichotsa masewera. Kamvuluvulu anachitidwa ali ndi miyezi 5, ndipo chilonda chitangopola anakweranso katani.

Ngati mumachoka tsiku lonse ndipo mungathe kusamala awiri, mwana wa mphaka mnzake wa msinkhu womwewo amathandiza zedi. Amatopetsana okha, ndiponso amaphunzitsana kuti kuluma kumapweteka. Koma musabweretsere mphaka wokalamba kamwana koti kazimukwera pamsana tsiku lonse.

Kufatsa kwabwino kumabwera pang'onopang'ono, kwa miyezi. Kamwana kamene dzulo kamathamanga, lero kangoti zii pakona, sikakudya, sikanafatse ayi, kakudwala, ndipo kapite kwa dokotala tsiku lomwelo chifukwa ana a amphaka amafooka msanga. Musakapatse parasetamo kapena mankhwala ena a anthu: parasetamo ndi poizoni kwa mphaka, piritsi limodzi likhoza kumupha. Kusintha kwa khalidwe paukalamba nakonso mukusamale. Mphaka wopitirira zaka 10 amene anali wodekha, kenako n'kuyamba kusakhazikika, kulira usiku, kudya kwambiri koma akuwonda, kawirikawiri zimakhala kuti chithokomiro chake, kachiwalo ka m'khosi, chikugwira ntchito mopitirira muyeso. Dokotala amadziwa poyeza magazi, ndipo mankhwala ake alipo.

Kamvuluvulu liwiro sanalisiyiretu. Madzulo ena akachoka pochitira chimbudzi amathamanga nyumba yonse kawiri, mchira uli njo, kenako n'kukhala pansi kumadzinyambita. Kandodo kathu tikadali nako, nthenga zokha ndi zimene ndasintha kambirimbiri, ndipo ikakwana 9 koloko usiku amakakhala pafupi ndi kabati n'kumandiyang'ana.