Msana ukamawawa chifukwa chokhalitsa pampando

Anzanga amene mumaswera pampando, kaya pa kompyuta kaya pa makina osokera, ndipo pofika madzulo m'chiuno mumangoti gwa ngati mwasenza thumba la chimanga, tayesani izi. Ndinazitenga ku Pilates, masewero olimbitsa thupi amene anayambitsa Joseph Pilates wa ku Germany. Masewerowa safuna jimu. Mphasa ndi chitenje chopinda basi.

Gonani chagada, pindani mawondo, mapazi apondetse pansi motalikirana pang'ono. Kokani mpweya ndi mphuno. Pamene mukuutulutsa, kokerani mchombo mkati, kenako kwezani matako kuti msana uzichoka pansi fupa limodzilimodzi, kuyambira m'chiuno mpaka m'mapewa. Apa ndi pamene ambiri timaphonya, ine ndemwe poyamba: timangodzutsa thupi lonse kamodzi ngati thabwa. Ayi. Pang'onopang'ono, ngati mukupinda mphasa. Potsika yambani ndi kumtunda, matako afike pansi pomaliza. Chitani maulendo 8. Mukamva khosi kapena nsagwada zalimba, ndiye kuti mwakwera mopitirira.

Zimathandiza chifukwa kukhalitsa pansi kumagonetsa minofu ya m'matako ndi ya m'mimba, ndiye ntchito yonse imatsalira msana wam'munsi. Masewerowa amaidzutsa minofuyo. Ine ndimachita m'mawa madzi a tiyi ali pamoto, akamawira ndatha kale.

Koma ululu ukamatsikira kumwendo, kapena mwendo ukamachita dzanzi, lekani kaye mukaonane ndi adokotala.