Kuika ma weight a X-ray mu pulogalamu yomanga maatomu

Pulogalamu yomanga maatomu imasuntha maatomu pa kompyuta mpaka zotsatira zake zigwirizane ndi deta yoyezedwa, ndipo weight ndi nambala yosonyeza gawo limene maatomu awiriawiri, monga Si-O, ali nalo mu detayo. Musaike nambala imodzi yokhazikika pa atomu iliyonse ngati mmene zimakhalira ndi deta ya neutron. X-ray imamwazidwa ndi ma electron, ndipo mphamvu ya kumwazako, f, imatsika Q ikamakwera (Q ndi muyeso umene umakula ngodya ya kumwazikako ikamakula). Pa Q = 0 pokha ndi pomwe f imafanana ndi chiwerengero cha ma electron.

Yambani ndi kuwerengera pamanja. Titenge SiO2, quartz yomwe ili mbwee mumchenga wa kunyanja kuno ku Mangochi. Si ndi gawo 1/3, O ndi 2/3. Pa Q = 0, f ya Si ndi 14, ya O ndi 8, avareji yake 10. Weight ya Si-Si ndi (14/3)², ndiye kuti gawo la Si kuchulukitsa ndi f yake kenaka sikweya, kugawa ndi 100, amene ndi 10², kutuluka 0.218. Ya O-O ndi 0.284. Ya Si-O muichulukitse ndi 2, popeza Si-O ndi O-Si ndi chinthu chimodzi, ndipo itulutsa 0.498. Zonse pamodzi zikwane 1. Zikaperewera, kawirikawiri ndi 2 uja mwamuiwala.

Kenaka pulogalamu ibwereze zomwezi pa Q iliyonse. Manambala 9 a Cromer-Mann, owerengera f ya atomu pa Q iliyonse, ali mu buku la International Tables for Crystallography, Volume C. Koma chenjerani, fomula yake imafuna sinθ/λ (θ ndi theka la ngodya ya kumwazika, λ ndi wavelength ya X-ray), osati Q, ndiye gawani Q ndi 4π kaye, apo ayi f igwa msangamsanga. Manambalawa amatha ntchito Q ikafika cha m'ma 25 Å⁻¹. Makina a X-ray a mu labu ogwiritsa ntchito Cu (kopa) amalekezera pa Q ya pafupi ndi 8, palibe nkhawa. Deta ya synchrotron, makina akuluakulu otulutsa X-ray yamphamvu, ikapitirira 25, tengani manambala 11 a Waasmaier ndi Kirfel a mu 1995.

Pomwe ambiri amagwa m'mbuna ndi apa: funsani amene anakonza detayo ngati anagawa ndi <f>² kapena <f²>. Yoyamba ndi sikweya ya avareji ya f, yachiwiri ndi avareji ya f². Pa SiO2, Q ikakhala 0, yoyamba ndi 100, yachiwiri ndi 108. Mukagawa ndi yosiyana ndi yawo, pulogalamu siidandaula ayi. Imangokankha maatomu mpaka mzere wake ugwirizane ndi wa deta, inu n'kumasangalala ndi kapangidwe kabodza. Afunseninso ngati anatenga maatomu wamba kapena ma ion, chifukwa O²⁻ ili ndi ma electron 10, osati 8.

Ndondomeko ya Si-Si, Si-O, O-O itsate mmene maatomu alembedwera mu fayilo yoyambira. Musanalole atomu ngakhale imodzi kusuntha, yendetsani pulogalamu kamodzi, muone ngati ma weight a pa Q yotsikitsitsa ali pafupi ndi amene munawerengera pamanja aja.