Mmene Mungafufuzire Bowa Wosadziwika m'Nkhalango Yotetezedwa

Akatswiri amayerekeza kuti padziko lapansi pali mitundu ya bowa ndi mafangasi ena pakati pa 2.2 ndi 3.8 miliyoni, koma yomwe inapatsidwa mayina ndi pafupifupi 150,000 yokha. Choncho n'zotheka ndithu kukumana ndi bowa amene sanalembedwepo, ngakhale kuti chovuta ndi kupereka umboni wake.

Musanalowe m'nkhalango, pezani chilolezo cholembedwa kwa oyang'anira malowo, ndipo mupiteko patangopita masiku ochepa mvula itagwa. Mukapeza bowa musathamangire kumuzula. Yambani mwamujambula pamwamba, m'mbali ndi kunsi kwa chipewa chake, kenako lembani tsiku, malo ake pa GPS, mtengo umene wayandikana nawo, komanso ngati wamera padothi kapena pachipika chowola. Mtengowo musaunyalanyaze, chifukwa bowa wambiri amakhala mogwirizana ndi mizu ya mitengo inayake yokha.

Mukumbeni ndi mpeni kuti atuluke ndi tsinde lonse. Bowa wambiri wa m'gulu la Amanita, momwe muli mitundu yakupha, amakhala ndi kathumba kobisika m'dothi kutsinde kwake, ndipo munthu wongothyola amasiya pansi chizindikiro chenichenicho. Nthawi yomweyo lembani fungo lake, ngati akutuluka madzi onga mkaka, ndiponso ngati akusintha maonekedwe mukamucheka, pakuti zonsezi zimazimirira akangouma. Mukulungeni m'pepala, osati m'pulasitiki mmene amaola msanga, ndipo ena muwasiye pomwepo. Kudya bowa wosamudziwa ndiye musayerekeze n'komwe.

Mukafika kunyumba, dulani chipewa chimodzi, muchivundikire ndi tambula papepala la mbali ina loyera, mbali ina lakuda. Pofika m'mawa mudzapeza timbewu take tofanana ndi fumbi titagwera papepalapo, ndipo kaya ndi toyera, takuda kapena tofiirira, tidzakulozerani gulu lake. Bowa wotsalayo muumitseni pa kutentha kwa madigiri Celsius pafupifupi 40.

Zotsatira zimafuna katswiri, amene adzayeza timbewuto pa maikulosikopu ndi kuwerenga chigawo cha DNA chotchedwa ITS, n'kuchiyerekeza ndi zosungidwa mu GenBank, nkhokwe ya pa intaneti yosungiramo zotsatira za DNA. Akapanda kupeza chofanana nacho musasangalale msanga, popeza mitundu yambiri yolembedwa kalekale DNA yake sinayezedwebe. Zikatsimikizika kuti bowayo ndi watsopano, chitsanzo chouma chisungidwe kumalo ovomerezeka osungirako zomera, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2013 dzina silivomerezedwa lisanalembetsedwe m'kaundula wa mayina a bowa, monga MycoBank, Index Fungorum kapena Fungal Names.